Galimoto Imene Sindinagule kwa Malume Anu

Ana anga, Ruti, Elasi ndi Feliya, amayi anu atopa nane. Akuti nkhani za kuntchito ndimangozimwaza pakhonde, anthu n'kuseka, mawa n'kuiwala, ndiye ndi bwino ndizilembe. Ndayamba tsono. Za ubwana wanga ndizidumpha, chifukwa sizisiyana ndi za mwana aliyense wobadwira m'munsi mwa phiri la Mulanje. Ndiyambira pamene ndinalembedwa ntchito, ndipo ndikafika pa nkhani ya malume anu a Bonifasi ndichedwapo, popeza nonse munaiona ikuchitika koma palibe anakukhazikani pansi kukuuzani mutu wake.

Zaka za m'ma 1980: ku esiteti

Ntchito yanga yoyamba inali yoyendetsa thirakitala pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi malire a Mozambique. Ndinkatuta masamba amene anthu athyola m'minda n'kukawatula ku fakitale. Bwana wanga anali a Mulipa, kapitawo wa galaja, munthu wamfupi wa mawu otsika. Sankakalipa, koma akakuyang'ana unkalakalaka akanangokutukwana zithe. M'mawa uliwonse ankaima pakati pa bwalo atatsinzina, ife n'kumaliza injini mmodzimmodzi iwo akumvetsera. Tsiku lina nditaliza yanga anakweza dzanja.

“Daisoni, yakoyo ikutsokomola. Waimva?”

“Sindikumva kanthu, bwana.”

“Zimitsa, ulizenso. Uzibwereza mpaka umve.”

Anzanga onse anatuluka, ine ndili pompo, kuliza ndi kuzimitsa. Dzuwa litakwera ndinamva kaphokoso kakang'ono ngati munthu akugogoda chitseko cha nyumba yakutali. Nditawauza anagwedeza mutu n'kunena kuti, “Makina safa mwadzidzidzi. Amayamba adandaula, koma ife ndiye timakhala tili pa changu.”

Zinali zaka zovuta. Nkhondo ya kutsidya kwa malire inatseka njira za katundu, ndipo sipeya ukaitanitsa nthawi ya dzinja inkafika anthu atakolola. Tinkasoka matayala ndi waya, tinkachotsa ziwalo pa thirakitala yakufa kuti yamoyo iyende. M'zaka zimenezo esiteti inagula malole awiri a dzina limodzi, ofanana mtundu ndi maonekedwe, osiyana chaka chopangidwa chokha. Ina inagwira ntchito mpaka ine kuchokako. Inzakeyo inkakhalira kugona m'galaja. Nditafunsa chifukwa chake, a Mulipa anati, “Mayi ndi mmodzi, koma wina anabadwa chaka cha zokolola, wina chaka cha njala. Opanga galimoto nawonso amasintha zinthu m'kati, ndipo si kusintha konse kumene kumawayendera.”

Ndili komweko ndinakwatira amayi anu, Esnati, n'kukakhala kwawo kufupi ndi Thuchila monga mwa mwambo wathu. Mlongo wawo wamkulu, a Bonifasi, ndiye anali mwini mbumba. Anandilandira bwino kwambiri. Malo amene pali nyumba yathu anandilozera ndi iwo, ndipo tsiku lofolera anakwera nane padenga.

Pakati pa zaka za m'ma 1990: ku chipatala cha mpingo

Ndinachoka ku esiteti chifukwa chofuna kukhala pafupi ndi inu. Chipatala chaching'ono cha mpingo chimene chili kumtunda kwa mudzi wathu chinkafuna dalaivala wa ambulansi, ndipo ananditenga. Ambulansiyo inali yokalamba kale pamene ndinkaipeza, yaitali ngati nkhokwe, yogwedera ponseponse, koma matope sinkawaopa. Ntchito yanga yaikulu inali kutenga odwala amene matenda awo aposa chipatala chathu, makamaka amayi oyembekezera, kupita nawo ku chipatala chachikulu ku boma. Ina inali kupita ndi anamwino ku sikelo ya ana m'midzi ya m'mphepete mwa phiri.

Mabwana ndinagwira nawo angapo. Woyamba anali munthu wansangala, koma ambulansi ankaiona ngati ngolo ya pakhomo pake, moti nthawi yokolola ndinkadziwa minda yake yonse. Wachiwiri sanakhalitse, anati kuno kumazizira. Kenako kunabwera mayi Nakhuwa, namwino ndiponso mzamba, amene ndinagwira nawo mpaka kupuma. Tsiku loyamba anandiitana n'kundifunsa kuti, “A Namakhula, galimotoyi ikudwala chiyani? Mundiuze zonse, monga mmene wodwala amandiuzira ine.” Palibe bwana anali atandifunsapo choncho. Ndinalankhula mpaka tiyi wawo anazizira.

Mukukumbukira zaka zimene mafuta anasowa m'dziko muno, magalimoto akuswera pa mizere. Ndinkapita ku boma ndi zigubu pa njinga, kukapempha kuti a chipatala atiganizire. Mayi Nakhuwa analamula kuti ambulansi isamayende ulendo wina uliwonse kupatula wa wodwala, ndipo iwo eni ankapita ku misonkhano pa kabaza, chikwama chili pamiyendo. Mafuta atayambanso kupezeka, ambulansi ija inali itatheratu. Injini inafa tili pa mlatho, ndipo amakaniko onse anagwirizana kuti kuikonza kunali ngati kusoka chigamba chatsopano pa nsalu yowola.

Tinakhala opanda galimoto kuyambira dzinja mpaka nyengo yozizira. Ndinkasesa pabwalo, kutchetcha udzu, ndi kuthamanga kumsewu kukaimitsa galimoto za anthu pakakhala wodwala. M'mwezi wina wa chiperoni, mvula yamawawa ija imene imagwa osakata, anabwera ndi mayi wina pa machila kuchokera kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje. Mwana anali atakhala mopingasa ndipo ankafunika opaleshoni ku boma. Ndinaima pamsewu masana onse. Galimoto imene inavomera inali yaing'ono, ndipo inatitimira m'matope ofiira aja tisanafike n'komwe pa tala. Tinakankha mpaka kufika, mayiyo anapulumuka, koma mwana ayi. Titabwerera n'kufika pageti, mayi Nakhuwa anangoti, “Izi zisadzachitikenso ine ndili pano.”

Pakati pa zaka za m'ma 2010: kusankha

Mayi Nakhuwa anayenda m'mipingo yonse, analankhula ndi ana a kuno amene ali m'tauni, alimi anasonkha nandolo ndi zinanazi. Zimene zinapezeka sizikanagula ambulansi yeniyeni. Zinkakwana galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito. Komiti ya chipatala inagwirizana kuti tifune ija yaitali kumbuyo, yoti ukapinda mipando munthu agone pa matiresi namwino atakhala pambali pake, ndiponso yokoka ndi matayala onse anayi kuti izitha matope ndi zitunda. Ntchito yosankha anaipereka kwa ine.

“A Namakhula,” anatero mayi Nakhuwa, “anthu awa apereka zimene akanadya. Sitingawapemphenso kachiwiri. Musathamange. Funsani aliyense amene mukuona kuti angadziwe.”

Nthawi imeneyo malume anu anali atakhazikika ku Limbe, akugulitsa galimoto zoitanitsa kunja. Nkhani ya chipatala anaimva ku tchalitchi atabwera kudzaona abale, ndipo mosafunsa munthu anaitanitsa galimoto ya mtundu umene tinkafuna. Loweruka lina tinangomva hutala pabwalo. Inali yotuwa ngati siliva, yonyezimira, m'kati mukununkhira ngati sitolo. Anatsika akumwetulira, makiyi ali m'mwamba.

“Alamu, ndakupeputsirani ntchito! Simuvutikanso n'kuyendayenda. Ndaika zonse zimene ndinali nazo pa galimoto imeneyi, ndipo phindu langa likhala lochepa, chifukwa ndi ya kwathu.”

Ndinaiyendetsa mpaka pa msika wa Nkando n'kubwerera. Ndisakunamizeni, ndinaikonda. Sinkamveka n'komwe kuti injini ikulira, magiya inkasintha yokha popanda kugwedeza. Mumtima ndinati nkhani yatha, chipatala chapeza galimoto, mlamu wapeza malonda. Mayi Nakhuwa nawonso anaiyamikira, koma anati, “Ndi yokongola. Mwafunsa kale?” Ndinati ndifunsa.

Ku Limbe kunali makaniko wina wachikulire, a Sulemani, amene ankatikonzera ambulansi yakale ija. Ndinapempha malume anu kuti ndikawaonetse galimotoyo, ndipo anavomera mosavuta, chifukwa nawonso sankadziwa kuti ili ndi vuto. A Sulemani sanayambe ndi injini. Anatsekula chitseko, anakoka lamba wa pampando mpaka kumapeto, n'kuwerenga kansalu kosokedwa pamenepo. Kenako anawerenga kachitsulo ka pamphuthu ya chitseko.

“Che Namakhula, mapepala amatha kunena chaka chimene galimoto inalembetsedwa, koma chaka chobadwa chili apa. Iyi mukufuna izikagwira ntchito kuti?”

Ndinawafotokozera za misewu yathu, zitunda, matope, ndi katundu wa anthu anayi kapena asanu.

Anapukusa mutu. Anati galimoto za mtundu umenewu ndi zabwino, koma pa zaka zingapo zotsatizana opanga ake anachotsa giyabokosi yakale n'kuikamo ya mtundu watsopano yoyendera lamba wachitsulo, ndipo zoyambirira zimenezo sizinawayendere. Pa tala, mopanda katundu, imatha kuyenda zaka. Koma ikamakwera zitunda italemedwa, kapena ikamalimbana ndi matope, imatentha, lamba n'kuyamba kuterereka, ndipo tsiku lina imangoima injini ikulira. Kuno palibe amene amaikonza m'kati, umangogula ina yathunthu. Zaka za m'mbuyo mwake zinali ndi giyabokosi yakale yolimba, ndipo za kutsogolo kwambiri anazikonza, koma zimenezo mtengo wake sitikanaufika. Ya malume anu inagwera pakati penipeni pa zaka zoipazo.

“Koma musakhulupirire ine ndekha,” anatero. “Pitani kwa ogulitsa masipeya ophwasula. Musawafunse ngati galimotoyi ndi yabwino, adzati inde. Afunseni kuti ndi chiwalo chiti cha galimoto imeneyi chimene sichigona pa shelefu.”

Ndinapitadi. Woyamba anaseka n'kuti, “Giyabokosi, madala. Ikangofika m'mawa, masana yapita.” Wachiwiri anandionetsa magalimoto a zaka zomwezo ataima kuseri, matupi ali bwinobwino, mipando yatsopano, onse atafa giyabokosi n'kuchotsedwa matayala. Za zaka zakale zija anati ankagulitsako mashoko ndi magalasi basi. Ndinafunsanso madalaivala a mabungwe amene amayenda m'midzi, ndipo mawu awo anali amodzimodzi. Ndinabwerera kumudzi mutu ukulemera.

Masiku omwewo ndinamva kuti ku Likhubula kuli bambo wina wopuma ntchito ya zankhalango amene ankagulitsa galimoto yake chifukwa maso anali atayamba kumuvuta. Ankaigwiritsa ntchito ponyamula alendo okwera phiri. Inali ya dzina limodzi ndi ya malume anu, koma yakale ndi zaka zingapo, ya magiya osintha ndi dzanja. Nditaiona mtima unagwa. Inali yobiriwira mofwifwa, chitseko chakumbuyo chili chobonyoka, mpando wa dalaivala utasokedwa ndi ulusi wa thumba. Ndinapempha kuti ndidzabwerenso m'mawa, ndipo asailize ine ndisanafike, chifukwa injini yotentha kale imabisa matenda.

Ndinabwerera ndi a Sulemani, amene mayi Nakhuwa anawatumizira uthenga. Tinagwira boneti, inali yozizira. Inalira kamodzi kokha, utsi wa buluu kapena woyera wosatha panalibe. Tinatsekula chotsekera oyilo kuona ngati pali thovu lotuwa ngati chambiko, chizindikiro choti madzi akulowa m'injini, koma munali moyera. M'madzi a ledieta munalibe thovu kapena mafuta. Tinaona pansi ngati pali dzimbiri, popeza zambiri zochokera kumaiko a chisanu zimabwera zitadyeka ndi mchere, koma chitsulo chinali chathunthu. Pa manambala a mtunda a Sulemani sanakhulupirirepo, anayang'ana mmene labala wa zopondera wathera ndi mmene chiwongolero chasalalira, n'kunena kuti zikugwirizana. Kenako anandiuza kuti ndikhotetse chiwongolero mpaka kumapeto ndi kuzungulira pang'onopang'ono pabwalo, kumanja kenako kumanzere. Anati galimoto yokoka ndi matayala onse ikakhala ndi vuto pakati, imadumphadumpha ndi kugogoda pokhota motero. Iyi inazungulira mosalala. Pomaliza tinakweza anthu onyamula katundu wa alendo amene anali pamenepo, tinadzaza, n'kukwera nawo kamsewu ka miyala kopita ku nkhalango. Muvi wa kutentha sunasunthe.

Zofunika kukonza zinalipo. Mashoko anali atatha, lamba wa m'injini ankafunika watsopano, ndipo matayala anali osiyanasiyana. A Sulemani anati pa galimoto yotere matayala onse anayi ayenera kukhala a mtundu umodzi ndi kukula kumodzi, apo ayi amakokanakokana mpaka kuwononga za m'kati. Mwini wake sanabise kanthu. Anatitulutsira ngakhale sipeya zakale zimene anasinthapo, zili m'thumba.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi anu akusola nandolo pamkeka. Ndinakhala pambali n'kuwauza zonse. Anamvetsera manja akugwirabe ntchito.

“Abambo a Ruti, mukudziwa kuti Ruti anakhala kwa achimwene zaka zonse za sekondale, osatipempha ngakhale sopo?”

“Ndikudziwa.”

“Mukudziwa kuti pano ndi pawo, ndipo anthu adzati mkamwini wakula mutu?”

“Ndikudziwanso.”

“Nanga galimoto yawoyo, mukutsimikiza kuti idzafa?”

Ndinati sindingatsimikize. Mwina ikanayenda zaka zambiri. Koma ikadzaima, idzaima pachitunda, m'matope, muli munthu kumbuyo, ndipo woyendetsa ndidzakhala ine, amene ndinauzidwa. Mayi uja wa pa machila amayi anu ankamudziwa, ankaimba naye kwaya. Kenako anakutumula makoko pa chitenje n'kunena kuti, “Ndiye mupite mukawauze nokha, pamaso. Musatume munthu, ndipo musakabisale kumbuyo kwa komiti. Akakwiya akwiyire inu, osati kumva kwa anthu a m'minibasi.”

Ndinanyamuka m'mawa mwake. Ndinawapeza malume anu pamalo awo ogulitsira, akupukuta galasi la galimoto ija ndi manja awo. Anandilandira ndi chimwemwe, anaitanitsa zakumwa. Ndisanamwe n'komwe ndinayamba nkhani.

“Alamu, galimotoyi sititenga.”

Anaseka poyamba, poganiza kuti ndikufuna atsitse mtengo. Nditafotokoza za giyabokosi ndi za zaka zija, nkhope inasintha.

“Mukuti ine ndimafuna kugulitsa chinthu chowola ku chipatala cha kwathu? Kumene anabadwira ana a mlongo wanga?”

“Ayi, alamu. Simunadziwe, inenso sindinkadziwa. Galimotoyi m'tauni muno ikhoza kutumikira munthu. Koma msewu wa kwathu mukuudziwa.”

“Ndiye mwasankha chiphakasa cha ku Likhubula, cha munthu wachilendo, kusiya ya m'bale wanu.”

“Ndasankha imene ingakafike ku boma.”

Anaimirira, anatenga kansalu kawo n'kuyambanso kupukuta galasi lomwe linali loyera kale. Osandiyang'ana anati, “Muyende bwino, a Namakhula.” Chikwatirireni amayi anu, malume anuwo anali asananditchulepo dzina limenelo. Nthawi zonse ndinali alamu.

Komiti nayo sinakondwe itaona galimoto yobiriwira ija ikulowa pageti. Mkulu wina wa mpingo anafunsa ngati nandolo wa anthu wagula zimenezi. Mayi Nakhuwa anayankha kuti, “Ndinamva zifukwa zake ndipo ndagwirizana nazo. Ngati talakwitsa, talakwitsa awiri.” Tinagula matayala anayi ofanana, mashoko ndi lamba, kalipentala anapanga kabedi kotsetsereka kumbuyo, ndipo amayi a chigwirizano anasoka makatani.

Zaka zotsatira

Kumudzi kunazizira. Malume anu akabwera ankafikira kwa amayi anu aang'ono, kwathu n'kungodutsa. Pa maliro tinkapatsana moni wa m'manja popanda mawu. Ena ankanena poyera kuti ndinadyapo kanthu kwa bambo wa ku Likhubula. Amayi anu sanadandaule pamaso panga, koma ndinkawaona akuyang'ana kumsewu galimoto ikamveka. Zimenezo zinkandipweteka kuposa mawu a anthu. Ndinamvanso kuti malonda a malume anu anaima miyezi yambiri, chifukwa mpamba wonse unali mu galimoto ija.

Yobiriwirayo inagwira ntchito. Dzinja loyamba inakwera chitunda cha kutsidya kwa mtsinje chimene ngakhale ambulansi yakale inkabwerera, matayala onse akukumba pamodzi ngati anthu olima dima. Sindinena kuti sinkavuta. Inathyokapo sipuling'i, inatayapo ekizozi pamwala, ndipo mafuta inkamwa kuposa mmene tinkafunira. Koma zonsezo zinali zokonzeka pansi pa mtengo, ndi sipeya zopezeka ku Limbe tsiku lomwelo. Oyilo ndinkasintha nthawi isanakwane, chifukwa fumbi la kuno si la kumene inapangidwa. Ana angapo anabadwira m'kati mwake tisanafike ku boma, ndipo anthu anasiya kuitchula chiphakasa, anayamba kuitchula kuti Azamba.

Kenako iwe Ruti unabwera ndi nkhani ya banja. Mukudziwa kuti kwathu kuno chinkhoswe sichiyenda popanda malume. Amayi anu anati apita okha ku Limbe, koma ndinati tipite tonse. Tinawapeza malume anu atakalambako. Anatipatsa mipando, anamva nkhani yonse, n'kufunsa za mnyamatayo ndi kwawo. Atatha anatembenukira kwa ine.

“Ndinapita kwa Sulemani wanu uja,” anatero. “Ndinapita kukamulalatira. Anandipatsa tiyi, n'kunditengera kuseri kukandionetsa magiyabokosi atatsekulidwa. Ndinachokako dzuwa litapendeka.”

“Nanga galimoto ija?”

“Ndinagulitsa kwa mphunzitsi wina wa m'tauni muno. Ndinamuuza zonse, kuti asakwere nayo mapiri, ndipo ndinatsitsa mtengo. Ikuyendabe mpaka lero, ndiye musaganize kuti munapambana.” Apa anamwetulira pang'ono. “Koma za zaka zimenezo sindinaitanitsenso. Anzanga amene anaitanitsa zambiri, makasitomala awo akuwasaka ndi zikwanje.”

Amayi anu anayamba kulira mwakachetechete. Malume anu anawayang'ana n'kunena kuti, “Iwe Esnati, ukulira chiyani? Mwamuna wakoyu ndi wouma mutu, koma sanandinamize. Alamu, tsiku la chinkhoswe mudzanditengere pa Nkando, minibasi zimandipweteka msana.”

Ndinakawatengadi, pa njinga yamoto yobwereka, chifukwa galimoto ya chipatala si ya maukwati. Anadandaula njira yonse, atandigwira m'chiuno.

Nditapuma

Ndinapuma ntchito m'zaka zoyambirira za m'ma 2020, maso atayamba kuchita nkhungu. Makiyi ndinasiyira mayi wina wachitsikana amene kale ankayendetsa minibasi ya ku Muloza, woyendetsa mofatsa kuposa amuna ambiri amene ndawaona. Galimoto ija ikadalipo, ngakhale tsopano chipatala chinalandira ambulansi yeniyeni ndipo yobiriwirayo imangopita ku sikelo za m'midzi. Mayi Nakhuwa anapuma chaka chotsatira, ali kwawo akuweta nkhuku.

Wina wa inu akadzafuna kugula galimoto yakale, asadzayambe ndi utoto kapena kununkhira kwa m'kati. Adzayambe wadzifunsa msewu umene izikayenda. Adzadziwe chaka chenicheni chimene inapangidwa, n'kufunsa amakaniko ndi ogulitsa masipeya ngati chaka chimenecho chili ndi mbiri. Adzaione m'mawa isanalizidwe, adzakwere nayo chitunda italemedwa, ndipo adzasiyeko ndalama ya matayala. Wogulitsayo akakhala m'bale, adzamuuze zoona msanga, pamaso.

Chaka chatha malume anu anandiimbira foni. Gulu la amayi olima zinanazi linawapempha kuti awapezere galimoto yotengera zipatso kumsika, ndipo anati sapita kukaona popanda ine. Tinapita kwa wogulitsa wina ku Blantyre, mwana wamakono wa tayi, amene anatilozera yofiira yonyezimira imene inali kutsogolo. Malume anu anakoka lamba wa pampando, anawerenga kansalu kaja atatalikitsa dzanja chifukwa magalasi anaiwala, kenako anati tione pansi. Tinayala makatoni n'kulowa tonse awiri, nkhalamba ziwiri, wina uku wina uku. Tinaona zimene tinkafuna kuona. Pofuna kutuluka, msana wanga unakana. Ndinamva mbali inayo akubuula.

“Alamu, mwatuluka?”

“Ayi, alamu. Inuyo?”

“Inenso ayi.”

Tinaseka tili chigonere mpaka misozi, ndipo wogulitsa uja anachita kutikoka miyendo mmodzimmodzi, tayi ikukhudza fumbi. Malume anu ataimirira anadzikutumula malaya, anapuma kaye, n'kuloza kuseri kwa mpanda kumene kunaima galimoto ina yofwifwa, masamba atadzaza pa boneti.

“Mwanawe, yofiirayi isiye. Katitengere makiyi a iyo.”